Khutu limakungidwa ngati ng'oma

Masabata atatu apitawo ndinkadziona ngati mutu wa kumva ndathana nawo. Njira yonse imene phokoso limadutsa kuchoka m'khutu kukafika mu ubongo ndinali nditailoweza monga mmene munthu amalowezera masiteji a mumsewu wa M1: Lunzu, Zalewa, Chingeni, Ntcheu, Dedza, Lilongwe. Masiteji anga anali zigawo za m'khutu ndi mu ubongo: cochlea, cochlear nucleus, superior olive, inferior colliculus, thalamus, mpaka cortex, gawo la pamwamba pa ubongo. Ndikawatchula osapumira ndinkamva kukoma. Ndiye tsiku lina tikukambirana pagulu lathu la madzulo, mnzathu wina amene sayankhulayankhula, koma akafunsa funso lake limakhala la minga, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, masiteji mwawatchula bwino. Koma wakwera basiyo ndani? Ndipo akamatsika ku Lilongwe amakhala ali yemwe uja anakwera pa Wenela?" Ndinangoti kakasi.

Funso limenelo landidyera tulo ndi bandulo yomwe. Zimene ndikulembazi ndi zimene ndatola pofunafuna yankho, ndipo zandifikitsa kumene sindinkayembekezera, pa chilonda changa cha ku pulayimale.

Ndiyambe ndi zimene zili m'buku lililonse. Phokoso ndi kunjenjemera kwa mpweya. Kunjenjemerako kumagunda kachikopa kopyapyala ka mkati mwa khutu, kachikopako kamakankha tifupa titatu, ndipo tifupato timagwedeza madzi a mu cochlea, kachiwalo kopiringizika ngati chigoba cha nkhono. Mutakawongola kangatalike mamilimita pafupifupi 35 basi. Mkati mwake mwayalidwa kansalu kamene kukhomo n'kolimba ndi kopapatiza, koma kunsonga n'kofewa ndi kotambalala. Georg von Békésy, katswiri wa ku Hungary amene analandira mphoto ya Nobel mu 1961, ndiye anaonetsa kuti phokoso limayenda pakansaluko ngati funde, ndipo fundelo limatukumuka pamalo osiyanasiyana malinga ndi liwu lake. Kulira koonda kwa nkhululu kumagwedeza kukhomo, kugunda kwa besi kumakafika kunsonga. Pamwamba pa kansaluko pali maselo okhala ndi titsitsi, ndipo amene amatumizadi uthenga ku ubongo alipo pafupifupi 3,500 m'khutu limodzi, olumikizidwa ku timitsempha pafupifupi 30,000.

Nambala ya 3,500 imeneyi ndinkangoiloweza osaiganizira. Diso lili ndi maselo olandira kuwala pafupifupi 100 miliyoni. Khutu lili ndi 3,500, anthu oti sangadzaze ndi bwalo la mpira lomwe, koma ndi omwewo timamva chilichonse kuyambira kunjenjemera ka 20 pa sekondi mpaka ka 20,000 tikadali achinyamata, kuyambira kunong'ona mpaka bingu. Khomo ndi laling'ono, katundu ndi wambiri. Ndiye kuti pali zina zimene ziyenera kutsala panja.

Horace Barlow wa ku Cambridge analemba mu 1961 ganizo limene landimasulira mfundo imeneyi. Iye anati mitsempha ya maso ndi makutu imachita ngati munthu wa mayunitsi ochepa: siitaya mphamvu kutumiza zimene ubongo ungathe kuziganizira wokha, imatumiza zachilendo. Ganizirani munthu amene watumidwa kukanena uthenga kumudzi wina. Sayamba ndi kufotokoza kuti dzuwa latuluka kum'mawa, poti aliyense akudziwa. Amanena chimene chasintha. Koma kuti mthenga adziwe chosiya ndi chonena, ayenera kudziwa bwino zimene zimachitika masiku onse kumeneko. Apa ndi pamene pagona nkhani. Ngati khutu limachita chimodzimodzi, ndiye kuti liyenera kukhala lozolowera makhalidwe a maphokoso a m'dziko limene likukhalamo.

Ndipo maphokoso a m'chilengedwe alidi ndi makhalidwe awo. Loweruka lina magetsi atazima ndinakhala pakhonde ndi kope m'manja, n'kumangomvetsera. Amayi a nyumba yoyandikana nafe ankasinja. Munsi ukagunda mumtondo, phokoso limabwera mwadzidzidzi kenako limazirala pang'onopang'ono. Nkhuni ikathyoka, chimodzimodzi. Dontho la madzi likagwera mundowa, chimodzimodzi. Chinthu chogundidwa sichiyamba kulira pang'onopang'ono n'kuduka mwadzidzidzi. Kuti mumve zotero muyenera kujambula phokosolo pafoni n'kuliseweretsa chobwerera m'mbuyo, ndipo limamveka lachilendo, loopsa ndithu. Liwu la munthu, la mbuzi, la mwana wolira lili ndi khalidwe lina: kholingo likanjenjemera ka 100 pa sekondi, pamabweranso kunjenjemera ka 200, ka 300, ka 400, zonse zoyambira limodzi ndi kulekera limodzi. Poyankhula, m'zinenero zambiri pakamwa pamatsekuka ndi kutsekeka kanayi kapena kasanu pa sekondi. Yerekezani zonsezi ndi "shiii" wa wailesi imene yaphonya siteshoni. Ameneyo alibe chiyambi, alibe mchira, alibe kugunda, ndipo m'tchire simungamupeze kawirikawiri, kupatula mwina pafupi ndi mathithi.

Kafukufuku amene ndamuwerenga katatu ndi wa Michael Lewicki wa ku Carnegie Mellon, ku Pittsburgh, wa mu 2002. Bamboyu sanatsegule khutu la nyama iliyonse. Anatenga maphokoso ojambulidwa n'kuwagawa patatu: a zinthu za m'tchire monga mvula, moto, masamba ndi timitengo tothyoka, kulira kwa nyama, ndi zoyankhula za anthu. Kenako anauza kompyuta kuti ipeze masefa abwino koposa onyamulira mtundu uliwonse wa phokoso popanda kubwereza zinthu. Ndikuti masefa chifukwa ndi mmene ndamvera ine: monga sefa ya ufa imalola zina kudutsa n'kutsekereza zina, kamtsempha kalikonse ka m'khutu kamalola kagawo kake ka phokoso. Kompyutayo sinauzidwe chilichonse chokhudza khutu. Pa kulira kwa nyama inapeza masefa aatali, osankha kwambiri kuonda kapena kunenepa kwa liwu koma osasamala za nthawi. Pa za m'tchire inapeza masefa aafupi, ogwira msanga kanthawi kamene chinthu chathyoka koma osasankha liwu kwenikweni. Pa zoyankhula za anthu inapeza apakatikati, ndipo amenewa anafanana ndi zimene akatswiri anali atayeza kale m'mitsempha ya makutu a nyama. Mu 2006 iye ndi Evan Smith anabwereza ntchitoyi mwa njira ina, ndipo zimene kompyuta inajambula ataziika pamwamba pa zoyezedwa m'makutu a amphaka zinagwirizana modabwitsa: kukwera mwadzidzidzi, kutsika pang'onopang'ono, ndendende ngati kugunda kwa munsi kuja.

Tsono mphaka sayankhula Chichewa kapena Chingerezi. Zatheka bwanji kuti mtsempha wa m'khutu mwake ugwirizane ndi zoyankhula za anthu? Olembawo analitembenuza funsolo: mwina si khutu limene linasintha kuti limve chinenero, koma chinenero ndi chimene chinakula molingana ndi khutu limene chinalipeza. Mavawelo ali ngati kulira kwa nyama, makonsonanti monga p, t ndi k ali ngati kuthyoka kwa nkhuni, ndipo kusakanikirana kwa ziwirizi ndi kumene khutu la nyama zoyamwitsa linazolowera kuyambira kalekale. Nditawerenga zimenezi ndinayamba kutchula ndekha m'chipinda ngati wozungulira mutu: phwaa, thyoo, guu, khoo. Izi ndi zongoona ine, osati za m'kafukufuku, koma taonani mmene mawu athu otsanzira phokoso amakhalira. Mutu wakuthwa, mchira wautali. Agogo athu anajambula ndi pakamwa chithunzi chimene Lewicki anapeza pakompyuta.

Ngakhale achule akuchitira umboni. Mu 1995 Fred Rieke ndi anzake anayeza mitsempha ya m'makutu a achule aakulu a ku America, napeza kuti imanyamula uthenga wochuluka kwambiri phokoso likafanana ndi kulira kwa achule anzawo kusiyana ndi likakhala "shiii" wamba.

Apa ndinayamba kuona kuti fanizo langa la basi linali lopunduka. Pa siteji iliyonse phokoso limaphwasulidwa, ndipo chimene chimapitirira ndi lipoti chabe. Mu superior olive mitsempha imayerekeza makutu awiri kuti idziwe kumene phokoso lachokera. Munthu amatha kuzindikira kuti khutu lina lalandira mochedwerapo ngakhale kusiyanako kukhale kochepa ngati sekondi imodzi yogawidwa ka 100,000 n'kutengapo gawo limodzi. Mu inferior colliculus maselo ambiri amasamala za kugunda kwa phokoso, kuti likukwera ndi kutsika kangati pa sekondi. Tikamayandikira cortex, maselo amasiya kutsatira kunjenjemera kulikonse n'kumatsatira zinthu zoyenda pang'onopang'ono, za liwiro la kutsekuka kwa pakamwa kuja. Komanso mumsewu umenewu magalimoto sapita mbali imodzi. Pali mitsempha yochoka mu ubongo kutsikira ku cochlea, kukalamulira maselo ena pafupifupi 12,000 amene ntchito yawo ndi kukweza timaphokoso tofooka. Maselo amenewa akamagwira ntchito, khutu limatulutsa kaphokoso kakekake, kamene David Kemp anakatulukira ku London mu 1978. Ndi kamene amayeza masiku ano pofuna kudziwa ngati khanda likumva, ngakhale lili m'tulo.

Fanizo limene landithandiza m'malo mwake ndalitenga kwa amalume anga, amene ankasema ng'oma. Ng'oma imayamba ndi kusema: mtundu wa mtengo, kukula kwa mphako, zimenezo zikatha zatha. Kenako pamabwera kukunga chikopa ndi kukhomera zikhomo, pamene dzanja la wokunga limasankha liwu la ng'omayo. Ndipo tsiku la gule amaiwamba pamoto, ena n'kumata phula pakati, kuti igwirizane ndi usiku umenewo. Za Lewicki ndi amphaka zija ndi kusema, ntchito ya mibadwo yosawerengeka. Koma chimene chandigwira mtima ndi kukunga.

Kukunga kumayamba khutu lisanamve kanthu. Ana a makoswe amabadwa osamva, ndipo amayamba kumva patapita masiku pafupifupi 12. Mu 2007 Nicolas Tritsch, Dwight Bergles ndi anzawo a ku Johns Hopkins anaonetsa kuti m'masiku amenewo cochlea siikhala chete. Maselo ena othandizira amatulutsa mankhwala otchedwa ATP, amene amadzidzimutsa maselo a titsitsi oyandikana kuti atumize uthenga limodzi. Ubongo umalandira phokoso limene kunja kulibe, ndipo mitsempha imayamba kuzolowera kuti oyandikana m'khutu amayankhulira limodzi. Zili ngati anyamata oyesa ng'oma masana, gule asanayambe.

Makutu akatseguka, dziko limalowetsapo dzanja lake. Gulu la Michael Merzenich ku San Francisco linalera ana a makoswe m'chipinda momwe munkalira liwu limodzi lokha mobwerezabwereza. Atakula, dera la cortex lomvera liwu limenelo linali litakula mopitirira, litalanda minda ya mawu oyandikana nalo. Mu 2007 Etienne de Villers-Sidani ndi anzake a gulu lomwelo anapeza kuti nyengo ya zimenezi ndi yaifupi kuposa ya mvula yodzalira: masiku atatu okha, kuyambira tsiku la 11 mpaka la 13 chibadwire. Koma chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi cha mu 2003, pamene Edward Chang ndi Merzenich analera makoswe mu "shiii" wosalekeza, wosakweza moti n'kuwononga khutu. Cortex ya makoswewo inakhalabe yaukhanda, mapu ake osalongosoka, ngati ikudikira wina. Nyengo yodzala ija inatalika kupitirira nthawi yake. Ndiye kuti ubongo suwerenga masiku pakalendala pokha. Umadikira phokoso lokhala ndi khalidwe kuti ukhwime. Maganizo anga anathamangira kwa ana oberekedwa kumbuyo tsiku lonse pafupi ndi chigayo kapena jenereta, koma ndidzigwire: khoswe si mwana wa munthu, ndipo mwana wa kumbuyo amamvanso liwu la mayi ake kudzera pamsana pomwe.

Kwa anthu, kukunga kumayambira m'mimba, m'miyezi itatu yomaliza, pamene mwana amamva kukwera ndi kutsika kwa liwu la mayi ake ngakhale mawu enieniwo amafika ngati ochokera kuseri kwa khoma. Mu 1980 Anthony DeCasper ndi William Fifer anapatsa makanda osapitirira masiku atatu kansonga ka mphira kolumikizidwa ku makina, koti kayamwidwe ka khanda kankasankha liwu loti limveke. Makandawo anasintha kayamwidwe kuti amve mayi awo, osati mayi wina. Mu 1996 Jenny Saffran ndi anzake ku Rochester anamvetsa ana a miyezi 8 mndandanda wa timawu topeka, topanda tanthauzo, topanda popumira, kwa mphindi ziwiri zokha. Anawo anatha kusiyanitsa timagawo timene timayendera limodzi nthawi zonse ndi timene tangokumana mwangozi. Khanda limene timaliona likungoyamwa chala lija lili kalikiliki kuwerengera chimene chimatsatana ndi chinzake.

Tsono tafika pachilonda paja. Mu 1984 Janet Werker ndi Richard Tees ku Canada anayesa ana a m'mabanja oyankhula Chingerezi ndi mitundu iwiri ya t ya m'Chihindi, imene akuluakulu oyankhula Chingerezi amavutika kuisiyanitsa. Ana a miyezi 6 mpaka 8 ankasiyanitsa bwinobwino. Pofika miyezi 10 mpaka 12 ambiri anali atasiya. Patricia Kuhl wa ku Seattle ndi anzake anachita zofanana ndi zimenezi mu 2006 ndi r ndi l, poyerekeza ana a ku America ndi a ku Japan. Pa miyezi 6 mpaka 8 magulu awiriwa ankachita mofanana. Poyandikira chaka, a ku America anali atapita patsogolo, a ku Japan atabwerera m'mbuyo, poti m'Chijapani kusiyana kumeneko kulibe ntchito.

Nditawerenga pamenepa ndinatseka laputopu. Ndili Sitandade 6, aphunzitsi ena ankandiimika kutsogolo kuti nditchule "pray" ndi "play", "rice" ndi "lice", kalasi yonse ikufa ndi phwete. Ankati ndili ndi lilime lolemera, ndine nkhutukumve. Ine chimene chinkandipweteka n'chakuti sindinkamva n'komwe chimene akuti ndikulakwitsacho. Kwa ine anali mawu amodzi onenedwa kawiri. Ndinakula ndikukhulupirira kuti pali china chosalongosoka m'mutu mwangamu, ndipo mpaka lero ndikaima pagulu kuti ndiyankhule Chingerezi ndimayamba ndazemba mawu ena.

Chichewa chilibe mawu awiri amene amasiyana chifukwa cha l ndi r yokha. Ndi liwu limodzi lovala malaya awiri. Lamulo la kalembedwe limati tilembe r pambuyo pa i kapena e, monga mu "bwera" ndi "mbiri", ndipo l kwinaku, monga mu "kula" ndi "mbalame". Wina anene "bwela", wina "bwera", mwana amabwerabe. Ubongo wanga ndili ndi miyezi 10 unawerengera bwino lomwe, n'kuona kuti kusiyanitsa ziwirizi n'kungotaya mayunitsi, ndipo unaziponya m'dengu limodzi. Sunalakwitse. Unachita ndendende zimene Barlow ananena.

Ndipo mayunitsi amene unapulumutsawo unakawaika pena. Muuzeni mzungu amene wangofika kumene kuti asiyanitse kuponya ndi kuphonya, kukumba ndi kukhumba, pala ndi phala. M'Chingerezi p wa mu "pin" amatuluka ndi mpweya ndipo wa mu "spin" alibe, koma eni ake amawamva ngati p mmodzi, poti kwa iwo kusiyanako sikusintha tanthauzo. Kwa ife woponya ndi wophonya ndi anthu awiri: wina wagoletsa, wina watichititsa manyazi. Nanga mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga? Timalemba chimodzimodzi, koma potchula, pa mtengo womera liwu limakwera pa "te" ndipo pa mtengo wa kumsika silikwera. Mlendo amaphunzira zimenezi ndi thukuta, pamene mwana wa zaka zitatu ku Mitundu amazichita akusewera m'fumbi. Aphunzitsi aja akanaimikidwa kutsogolo kwa kalasi ya Chihindi, nawonso akanaona polekera ndi ma t awiri aja. Sindikuwasungira mangawa. Nawonso anaimikidwapo ndi wina.

Zimenezi sizithera ku cortex kokha. Mu 2005 Ananthanarayan Krishnan ndi anzake a ku Purdue anaika mawaya pamitu ya anthu oyankhula Chimandarini, chinenero cha ku China chimene kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasintha tanthauzo la mawu, ndiponso pamitu ya oyankhula Chingerezi. Tsinde la ubongo la oyankhula Chimandarini, kumunsi kwenikweni kwa msewu uja, linkatsatira kayendedwe ka liwu mokhulupirika kuposa la anzawo. Chinenero chimatsika mpaka kumasiteji amene ine ndinkawayesa ongodutsapo.

Kuhl yemweyo mu 2003 anatenga ana a ku America a miyezi 9 n'kumawakhazika ndi anthu oyankhula Chimandarini, maulendo 12. Anawo anasunga luso losiyanitsa mawu a chinenerocho. Gulu lina linaonera anthu omwewo pa TV, lina linangomvera mawu awo ojambulidwa, ndipo magulu awiriwa sanapindule kanthu. Ife amene timapatsa makanda foni kuti ati aphunzire Chingerezi pa YouTube timve pamenepa. Agogo amene amacheza ndi khanda pamkeka, kulifunsa mafunso n'kumadziyankha okha, ndi amene akugwira ntchito yeniyeni.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo pa nkhani ya kumva mwambiwu uli ndi manambala ake. Anu Sharma ndi anzake mu 2002 anayeza ana obadwa osamva amene anaikidwa kachipangizo kotchedwa cochlear implant, kamene kamadzutsa mtsempha wa m'khutu ndi magetsi. Amene anaikidwa asanakwane zaka zitatu ndi theka, cortex yawo inayamba kuyankha pa liwiro la ana akumva patangopita miyezi. Ambiri mwa amene anaikidwa atapitirira zaka 7 sanafikepo. Kwathu kuno chipangizo chimenecho n'chosowa, koma nkhaniyi ikukhudza zimene timaziona m'makomo mwathu: khutu lotuluka mafinya miyezi ndi miyezi limene timangolitseka ndi thonje, mwana amene wachira ku matenda oumitsa khosi kapena malungo aakulu koma wasiya kutembenuka akaitanidwa. Mwana wotero sikuti akungosowa phokoso la lero lokha ayi. Chikopa chikuuma chisanakungidwe.

Za kuwamba pamoto ndinena pang'ono. Kuchoka pa kaphokoso kochepetsetsa kamene timamva kufika pa kopweteka pali ma decibel (muyeso wa mphamvu ya phokoso) pafupifupi 120, koma timitsempha tambiri ta m'khutu timakhuta msanga, timangokwanitsa 30 kapena 40 mwa amenewo. Isabel Dean, Nicol Harper ndi David McAlpine ku London anaonetsa mu 2005, poyeza mbira zoweta, kuti maselo a mu inferior colliculus amasuntha muyeso wawo kuti ugwere pa mphamvu ya phokoso imene yachuluka pa nthawiyo. Ndikalowa mumsika wa Limbe ndimakumbukira mbira zimenezi: poyamba ndimangomva chiphokoso, posakhalitsa ndikutha kumva amayi a tomato akunditsitsira mtengo chamumtima kuti anzawo asamve.

Ndikanasiyira pamenepa nkhaniyi ikanakhala yachisoni kwa ife amene ndevu zinamera kale. Amene wandipatsa chiyembekezo ndi kadzidzi, mbalame imene kwathu ikalira padenga anthu sagona. Kadzidzi woyera kumaso uja amatha kugwira mbewa mumdima wa ndiweyani pongomvera, ndipo Eric Knudsen ndi Masakazu Konishi anapeza mu 1978 kuti mu ubongo mwake muli mapu a malo opangidwa ndi phokoso. Pambuyo pake Knudsen, ali ku Stanford, anaveka ana a kadzidzi magalasi okhotetsa zooneka ndi madigiri 23. Patapita masabata, mapu a kumva anasuntha kuti agwirizane ndi zimene maso akuona. Akadzidzi akuluakulu anangosuntha pang'ono n'kukanika. Koma atawaveka magalasi okhotetsa pang'ono, kenako owonjezerapo pang'ono, anasuntha kwambiri. Ndipo amene ankasaka okha mbewa zamoyo anasintha kuposa amene ankangoponyeredwa zakufa. Ng'oma yakale imakungikanso, bola pang'onopang'ono, ndiponso pakhale njala.

Pa l ndi r penipenipo, John Logan, Scott Lively ndi David Pisoni a ku Indiana anaonetsa mu 1991 kuti akuluakulu a ku Japan amapita patsogolo akamamvera mawu ambiri otchulidwa ndi anthu osiyanasiyana, n'kumauzidwa nthawi yomweyo ngati alondola kapena ayi. Munthu mmodzi wobwereza "pray, play" mokalipa kutsogolo kwa kalasi si njira yake. Ndayamba kuyesa ndekha: mphindi 10 m'mawa uliwonse, mahedifoni m'makutu, mawu a anthu osiyanasiyana, mng'ono wanga atagwira mayankho. Amandiseka, koma iyenso amagwa pomwepo. "Right" ndi "light" ndayamba kuwagwira. Zikabisala pakati pa mawu, ngati "correct" ndi "collect", ndimaponya n'kuphonya.

Lachinayi lapitali ndinabwerera kugulu ndi yankho langa. Ndinamuuza mnzanga uja kuti wokwera pa Wenela safika ku Lilongwe, kuti pa siteji iliyonse amatsitsidwa n'kufunsidwa mafunso, ndipo chimene chimafika ndi lipoti lolembedwa ndi makalaliki amene anayamba kuphunzira ntchito yawo pomvera mayi athu tili m'mimba. Anagwedeza mutu n'kukhala chete kanthawi. Kenako anati, "Chabwino achimwene. Nanga agogo anga amene amadandaula kuti m'khutu mwawo mukulira nkhululu usiku wonse, pamene panja pali zii, lipoti limenelo walemba ndani, poti basi sinanyamuke n'komwe?"

Ndagula bandulo ina.